Pa Chifunga Sitiyenda

Bambo anga atabwera kudzakhala nafe ku Leicester, anasochera kawiri mwezi woyamba womwewo. Ku Spinney Hill, dera limene timakhala, nyumba zonse n'zofanana, njerwa zofiira zokhazokha, khoma kugundana ndi khoma. Ulendo wachiwiri anawaperekeza ndi mmwenye wina wogulitsa nyama, wobadwira ku Limbe, amene anawamva akudandaula m'Chichewa pakhomo pa sitolo yake. Ine mtima unandipsa. Ndinawalanda makiyi n'kuwauza kuti asamatulukenso okha.

Zinawapweteka kwambiri. Munthu amene anakalambira pa ntchito yoyeza malo ku Malawi, kukwera mapiri ndi tcheni ndi makina a miyendo itatu, lero atsekeredwe ngati nkhuku! Anasiya kucheza nafe. Foni ya mapu imene ndinawagulira anaiponya mudilowa.

Loweruka lina, pofuna kuwapepesa, ndinapita nawo kuphiri la kumpoto kwa mzinda. Pamwamba pake tinapeza kachipilala ka simenti kolekeza m'chiuno. Bambo anakasisita ngati akumana ndi m'bale wawo.

"Bikoni iyi," anatero. "Makina tinkaimika apa. Ukaona mabikoni ena awiri pamapiri akutali, n'kuyeza ngodya zake, wadziwa pamene waima. Imodzi siikwanira."

"Nanga kukagwa chifunga, adadi?"

"Umakhala pansi, ngakhale sabata yathunthu. Pa chifunga sitiyenda."

Titabwerera anasankha okha mabikoni awo: nsanja ya mzikiti ndi nsonga ya tchalitchi china chakale. Makiyi ndinawabwezera, koma mantha sanandichoke. M'mawa uliwonse ankatuluka, n'kubwera ndi buledi amene palibe anawatuma.

Tsiku lina m'nyengo yozizira chifunga chinatsika iwo atatuluka kale. Masana anakwana, munthu osaoneka. Ndinathamanga msewu ndi msewu, ndikulira, ndikulumbira kuti makiyi aja lero ndilanda ndipo sadzawaonanso.

Ndinawapeza pabenchi m'mphepete mwa paki, chipewa kumutu, manja m'thumba, ali phee.

"Adadi! Mukufuna mundiphe ndi bipi? Ndasetcha Spinney Hill yonse!"

"Nsanja sizikuoneka, mwanawe. Ndikudikira."

Khomo lathu linali kuseri kwa msewu womwewo. Ndikanawagwira dzanja, bwenzi titafika nthawi yomweyo. Koma nditawayang'ana ndinaona kuti sanasochere ayi, ankachita zimene ntchito yawo inawaphunzitsa. Kuwakoka pamenepo kukanakhala kuwalandanso makiyi.

Ndinakhala pambali pawo. Benchi inali yonyowa, mapazi anga anachita dzanzi, ndipo ndinali ndikadali wokwiya. Patapita nthawi nsanja ya mzikiti inatulukira. Bambo sanasunthe. Kenako nsonga ya tchalitchi inaonekanso.

Anaimirira n'kukutumula jekete lawo.

"Tiye," anatero. "Uzinditsata, ungasochere."