Mabuleki a kagalimoto ka a Aleck

Mukafika pa Kamwendo n'kufunsa za a Aleck okonza mawailesi, anthu sakulozerani khonde lawo msanga. Amayamba aseka kaye, kenako n'kukufunsani ngati munamva za mazira. Ngati simunamve, pezani pokhala.

A Aleck anabwera kuno zaka za m'ma 2000 zitangoyamba, atatopa ndi utenanti pa esiteti ina ya fodya ku Mavwere. Anzawo amachoka ku esiteti ndi njinga, ena ndi chifuwa. Iwo anachokako ndi kagalimoto kachidole kamene mwana wa bwana anakataya katafa. Sikanali kamawaya ngati timene ana amapanga ayi. Kanali ndi injini yakeyake yomwa petulo, ndipo munthu amakayendetsa ali chiimire, kabokosi ka mlongoti kali m'manja.

Injiniyo anaidzutsa mosavuta. Chinawasautsa ndi mabuleki. Pafupi ndi injini panali kambale kachitsulo kozungulira, ndipo tizidutswa tiwiri timene timakapana kuti kagalimoto kaime tinali titatha psiti. Anafunsa kwa ochita geni ya ku Chipata, onse anangopukusa mitu. Anayesa labala wa patapata, anasungunuka. Anayesa chikopa cha nsapato, chinanunkha ngati mbuzi yowauka. Chinawapulumutsa ndi lamba wakutha wa pachigayo. Amadulapo tizidutswa ngati chikhadabo, n'kupala ndi sandipepa, kuboola ndi msomali wamoto, n'kumanga. Kambale kaja amakapukuta ndi sipiriti. Lamulo linali limodzi, ndipo amalilalikira kwa aliyense wokhala pa benchi yawo: oyilo asayandikire pamenepo.

"Buleki ikamalira ndiye kuti ili moyo," amatero.

Tsiku la msika ndiye linali lachionetsero. Tsidya la khonde lawo kumakhala a Consolata, ogulitsa mazira. A Aleck amakathamangitsa kagalimoto fumbi kobo, kulunjika pa thireyi ya mazirayo, ndipo anthu akati zatha, kamaima tswii, mpata wa chala basi.

"Tsiku lina mudzandiswera, a Aleck," amatero a Consolata, koma thireyi osaisuntha.

"Ndikadzaswa ngakhale limodzi, achemwali, musadzandiyankhulenso."

Tonse timadziwa kuti kumeneko kunali kufunsira, pakuti pakamwa pa a Aleck, kupatula nkhani ya mabuleki, m'polemera. Mawu otsalawo amanyamula ndi a Greyson a kabaza, mnzawo wa ponda apa nane mpondepo, amenenso amaperekeza a Consolata kwawo msika ukatha. A Aleck amawathokoza kwambiri pa ntchito imeneyi.

Nkhani inapsa mpaka atsibweni awo a Consolata anati abwera kuchokera ku Kapondo tsiku la msika, adzamuone ndi maso awo mwamunayo. Sabata yomweyo kwawo kwa a Aleck kunagwa maliro. Kagalimoto anakasiya kwa a Greyson, ndipo anabwerako m'mawa wa msikawo.

"Ndakasamala ngati mwana wanga, amwene," anatero a Greyson powapatsira.

Munthu amene sanakayendetsepo osayamba wasuzumira mabuleki, tsiku limenelo anangothira petulo. Ungamusechenso mnzako?

Atsibweni aja anaima pafupi ndi thireyi, atavala thalauza yoyera yapatchalitchi. Kagalimoto kanabwera fumbi kobo. A Aleck anadina. Anadinanso. Tswii uja sanamveke. Chinamveka ndi phwa! Mazira anafika mpaka m'mabondo a thalauza ija, ndipo kagalimoto kanakaima mu dengu la tomato la eni ake.

"Ndi ameneyu?" anafunsa atsibweni. Sanadikire yankho.

A Aleck anakatola, n'kuvundukula pomwepo. Kambale kaja kanali noninoni, oyilo akuchita kudontha.

"A Greyson, ichi n'chiyani?"

"Aaa, kamalira momvetsa chisoni, amwene. Ife a njinga chinthu chikalira timathira oyilo. Ndimati ndikuthandizeni."

"Pa benchi yanga mwakhalapo kangati inu?"

"Kodi mumati tizimva zonse zimene mumalalikira?"

Ena anawaikira kumbuyo a Greyson, kuti wakabaza ndi oyilo ndi pachibale, munthu analakwitsa chabe. Koma mayi Esitele a patiyirumu, amene maso awo saphonya kanthu, anati anawaona dzulo lake kuseri kwa chigayo akudontheza oyiloyo mosamala ngati mankhwala a m'maso, akuimba mluzu. Chifukwa chiyani sananene msanga? Akuti samafuna miseche.

A Consolata anasunga pangano lija bwinobwino, mpaka moni anasiya. Fodya atagulitsidwa chaka chimenecho, tinamva kulengeza kutchalitchi: Greyson ndi Consolata. Zokuzira mawu za paukwatiwo zitavuta, anthu opanda manyazi anathamangira kwa a Aleck. Iwo anati akudwala mutu, ndipo umenewo ndi mutu wokhawo umene Kamwendo yense anaumvetsa.

Kagalimoto kalipobe. Anadula lamba watsopano, kambale anakatsuka ndi sipiriti, ndipo kamaima bwino kuposa kale. Koma masiku ano amakathamangitsira ku njerwa imene anaiimika pakhonde, ndipo sakabwereketsa ngakhale kwa abusa. Sanakwatire. Akuti mawailesi akuwakwanira, chifukwa ukatopa nawo umazimitsa.

Madzulo ena ndinakhala nawo pa benchi, a Greyson akutsika ndi njinga, mayi a kunyumba ali pakaliyala ndi thireyi pamiyendo. Pofika pamphambano anagwira mabuleki, njinga inalira tswii mpaka agalu anadzuka. A Aleck sanadzutse mutu pa wailesi imene amakonza.

"Mwamva?" anatero. "Zaka zonsezi ikulira choncho. Yakeyo sathira oyilo."