Amayi a Kagalimoto Kachikasu

Tsiku loyamba limene Wanpen anaona amayi oyandikana nawo nyumba ku Lampang, anangoona mapazi okha atatulukira kunsi kwa kagalimoto kachikasu. Amayiwa ndi namwino wopuma pa ntchito, imvi zili mbuu. Kagalimoto kawo n'kaliwiro, koma ndi komwe amapitira kumsika tsiku lililonse. Oilo amasintha okha. Anaikako matayala otambalala ndi masipuling'i olimba, moti bampu iliyonse imakugwedeza mpaka mano. Makaniko akafuna kuwanamiza, amamuuza kuti, "Mwanawe, galimoto imalankhula, gonthi ndiwe."

Wanpen ankangowapatsa moni wa pampanda, mwamanyazi. Atakwana masiku zana chimwalirire amuna ake, anaphika chakudya chokapereka kukachisi kwa ansembe otchedwa amonke m'dzina la malemuwo. Mlamu wake amene analonjeza kudzamutenga sanabwere. Leveni koloko inali itakwana, ndipo amonke sadya dzuwa likafika pamutu. Wanpen anangoima pageti ndi miphika yake, misozi italengeza m'maso.

"Kwera, mng'ono wanga," anatero amayiwo ataimika kagalimoto kawo pafupi naye. "Mphika wa msuziwo uufukate ngati khanda."

Anadulira njira ya m'minda ya mpunga, n'kufika nthawi ikadalipo. Koma pabampu ya pageti la kachisi, msuzi wa nkhuku unakhavukira pampando. Wanpen anayamba kupukuta ndi mpango wake, uku akupepesa.

"Siya zimenezo, thamanga amonke asanavundikire mbale zawo! Ine mwezi wathunthu ndakhala ndikusowa chifukwa chogulira mipando yatsopano."