Miyala ya Mzere wa Kumunsi

Linali Lachinayi m'mawa, cha m'ma sikisi koloko, pamene ndinakwera kumunda koyamba chimwalirireni amuna anga. Ndinapeza mzere wa miyala wa kumunsi kulibe.

Munda wathu uli pamtsetse wa phiri la Sadzi ku Zomba, kumtunda kwa nyumba zomalizira. Unali wa mayi anga. Dothi lake ndi lochepa kwambiri. Ukatema khasu mwamphamvu limalira pathanthwe. M'chilimwe pamauma gwa, udzu n'kupseratu, ndipo mvula ikabwera madzi saima, amangothamangira kumunsi. Amuna anga atabwera kudzakhala kwathu anati malo otere salimidwa ndi khasu lokha. Chaka ndi chaka ankazula miyala ndi mgwala n'kumaiyala m'mizere yopingasa phiri, ikuluikulu pansi, yaphanthiphanthi pamwamba, ting'onoting'ono totseka mipata. Dothi lokokoloka linkaima kuseri kwa mizereyo, ndipo m'menemo ndi mmene tinkadzala chimanga ndi nandolo. Mzere wa kumunsi unali waukulu kuposa yonse, wofika m'chiuno.

Malirowo tinakaika kwawo, kuchigwa cha ku Jali. Ine nditabwerako ndinakhala pakhomo monga mwa mwambo, chifukwa wamasiye sagwira khasu asanamete. Alamu anga, ang'ono awo a malemu, ndi amene anadzipereka.

"Za kumunda musadandaule, alamu, ndizikazondako ine."

Ndinathokoza. Nthawi imeneyo aliyense wondilankhula mokoma ndinkamuthokoza.

Lachinayi lija ndinaima pamene panali mzerewo. Panatsala maenje okhaokha, dothi lili pamtunda popanda choligwira. Mkwasa wa wilibala unatsika mpaka kunjira yopita kumsewu. Poyamba ndinaganizira anyamata oswa miyala yogulitsa. Koma wakuba amafulumira. Uyu anasankha. Anatenga yaphanthiphanthi ndi ikuluikulu yokha, ing'onoing'ono anaiunjika bwinobwino pambali, ngati munthu wogwira ntchito pake masana.

Ndinafunsa mayi wina amene amadutsa pamenepo tsiku lililonse akamakatola nkhuni.

"Wilibala yokha ndinaiona, amayi. Nkhope sindinayang'ane."

Ananena akumanga nkhata yake, osandiyang'ana. Nkhata inali yomanga kale.

Lamulungu alamu anabwera ndi paketi ya shuga. Munthu ameneyu chikwatiwireni ine anali asanabwerepo ndi kanthu m'manja. Ndinawayalira mphasa, ndinawafunsa za ana, kenako ndinati, "Alamu, kumunda munkazondako?"

"Kwambiri."

"Nanga miyala ya kumunsi ija yapita kuti?"

Sanadzidzimuke. Zimenezo ndi zimene zinandiopsa.

"Aa, ndinaiwala kukuuzani. Ndinaipititsa kumanda. Achimwene anavutika nayo miyala imene ija, ndiye ndinati iwatchingire mtumbira mvula isaukokolole."

"Mzere wonse uja? Mwawamangira nyumba ya zipinda zingati?"

Anaseka mpaka kudzimenya pantchafu. "Alamu inu, pakamwa panu sipanasinthe. Miyala ikusowa paphiri? Dikirani ndipeze mpata, tidzayala ina."

Munthu akatchula manda a mwamuna wako, ungamutsutse bwanji? Komanso kumanda sikupitidwa mwachisawawa, mpaka akuluakulu a kumeneko alole. Iwo ankadziwa zimenezo. Inenso ndinkadziwa kuti amagwira maganyu kwa amisiri omanga nyumba ku Zakazaka.

Mpata umene ankanenawo sunapezeke. Ndinayamba kuyala ndekha. Miyala ilipodi paphiri, koma yoyalika bwino ili pansi, imafuna mgwala ndi msana wa munthu wamphamvu. Imene ndinkaitha ine inali yozungulira, yosagwirana. Ndinali ndisanafike ndi pakati pomwe pamene mvula yoyamba inagwa, yamkuntho. Ndili pakhonde ndinaona madzi ofiira akudutsa m'ngalande ya kuseri kwa nyumba, ndipo ndinadziwa kuti ndi munda wanga ukupita. Kutacha ndinapeza gawo lonse la kumunsi ndi thanthwe loyera, lotsukika ngati mbale. Mzere wachiwiri nawo unali utayamba kupendekeka chifukwa pansi pake panakumbika.

Tsiku lina ndinadutsa dala ku Zakazaka, kumayang'ana maziko a nyumba zatsopano. Ndinkaganiza kuti ndikaiona ndiizindikira, poti ina ndinasenza ndekha pamutu. Koma paliponse anali atapaka kale simenti. Mlonda wina anandifunsa ngati ndikufuna nyumba ya lendi. Ndinachita manyazi n'kubwerera.

Mvula itatha, akuluakulu a ku Jali anaitana anthu kukalambula kumanda, ndipo ine ndinapita. Mtumbira wa amuna anga unalidi ndi miyala mozungulira. Inali yochepa, yoti mwana angasenze mumtanga, yosalala, ya mumtsinje. Ya kuphiri kwathu ndi yotuwa, yakuthwa m'mbali, imacheka zala. Ndinagwada n'kuigwira umodzi umodzi. Alamu anali chiimire kumbuyo kwanga ndi chikwanje.

"Mwaona, alamu? Sanakokoloke."

"Ndaona," ndinatero.

Apongozi anga anali pomwepo akulira, ndipo sindinafune kuti mwana wawo wotsalayo atchedwe wakuba pamanda a mkulu wake. Mwina ndinalakwa. Mpaka lero alamu amabwera, amandipatsa moni mwaulemu, amafunsa ngati pali ntchito yoti andithandize. Ndimati palibe. Akamachoka ndimawaperekeza mpaka kumsewu kuti ndione njira imene alowera.

Masiku ano ndimalima gawo la kumtunda lokha. Mzere wachiwiri ndinauchirikiza ndi miyala imene ndimaitha. Mvula ikagwa ndimapita kungalande ndi ndowa, ndimakokolola dothi limene latsika, n'kulisenza kubwerera nalo kuphiri.