Mabampala a Mapaipi a Mjigo

A Bester Kalilangwe amawotcherera zitsulo pa msika wa Nsaru, m'shedi ya malata kuseri kwa chigayo. Makolo awo anali matenanti ochokera ku Mulanje, ndipo ntchitoyi anaiphunzirira pa esiteti ya fodya, pokonza ngolo ndi zitseko za zigafa. Ine ndinawadziwa chifukwa cha madesiki a pasukulu yathu. Desiki ikathyoka mwendo sankachedwa nayo, ati mwana asakhale pafumbi chifukwa cha iwo.

Koma chimene chinawatchukitsa ndi mabampala. Galimoto zambiri za masiku ano zimabwera ndi bampala wapulasitiki, ndipo mumsewu wa ku Kabudula sachedwa kung'aluka. Mbuzi imodzi, bampala wathera pomwepo. A Bester ankachotsa pulasitikiyo n'kuikapo mapaipi akale a mjigo, ena chopingasa, ena choimika, n'kuwapaka penti wakuda. Mapulasitiki otayidwawo amayi monga a Ellen ankatola kukamwetsera nkhumba.

"Opanga galimotowa ayamba umbombo," ankatero a Bester. "Galimoto yonseyi ivale beseni kumaso?"

Woyamba kuwakhulupirira anali a Paulo, a pikapu ya matola.

"Achimwene, mundiikire choti ng'ombe ikachiona izipatuka yokha."

"Ng'ombe yokha? Ndi apongozi anu omwe azipatuka."

Patapita zaka, galimoto zambiri za kuno zinali ndi mapaipi akudawo.

Imelda anali mwana wa m'kalasi langa, Sitandade 4. Ankawerenga mokweza kwambiri, mpaka a kalasi loyandikana ankadandaula. Tsiku lina la msika, nthawi yokolola, ankawoloka msewu atasenza ndowa ya mtedza wa amayi ake. A Paulo sankathamanga kwenikweni, onse amene anaona amatero, ndipo anaponda buleki. Koma paipi yapamwamba inamupeza Imelda pachifuwa n'kumugwetsera pansi pa galimoto. A Bester anali mmodzi mwa amene anamunyamula, ndipo anapita naye mpaka kuchipatala cha m'tauni. Imelda anamwalira mawa lake.

Adokotala, mayi wachikulire, anafunsa ngati inali lole. Atamva kuti inali pikapu yokhala ndi mapaipi, anapukusa mutu.

"Pulasitiki uja amamuika dala, bambo. Amafuna kuti galimoto ikagunda munthu, iphwanyike ndi galimotoyo. Ngakhale boneti amaipanga yoti ipindike, mutu ugwere pofewa. Sindikunena kuti mwanayu akanapulumuka. Koma akanakhala ndi mwayi."

Adokotalawo sankadziwa kuti akulankhula ndi mwini ntchitoyo, ndipo a Bester sanawauze.

Pikapu ya a Paulo inali kupolisi, choncho maliro anabwera pa galimoto ya munthu wina. Nayonso inali ndi mapaipi akuda kutsogolo. Ana a m'kalasi langa anaima m'mbali mwa njira akuimba, galimotoyo ikuwadutsa pang'onopang'ono, paipi ili molingana ndi nthiti zawo. A Bester anaona zimenezo ali pakati pa adzukulu, khasu lili m'manja.

Sabata yotsatira anayamba kuyendera eni galimoto mmodzimmodzi, kuwapempha kuti achotse mapaipiwo mwaulere. Ovomera anali ochepa. Ena anaseka, ati a Bester alowa mpingo watsopano. A Paulo, amene anali ataonda n'kusiya nthabwala zonse, anawamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndamva, achimwene. Koma mukachotsa ndiikapo chiyani? Wapulasitiki wanga uja akumweramo nkhumba za a Ellen."

A Bester anachotsa mapaipiwo ndithu, ndipo pikapuyo inayenda mwezi wathunthu kumaso kuli pululu. Kenako inagunda mbuzi, rediyeta n'kubooka. Nthawi imeneyo n'kuti mnyamata wina atatsegula shedi yake patsidya pa msewu. A Paulo anapita kumeneko kukaikitsanso mapaipi.

Eni galimoto ena anatsatira, ndipo sanapite ndi mabampala okha. Anatenga ndi ntchito zonse: masipuling'i, makariyala, zitseko. A Bester anatsala ndi mbaula, makasu ndi madesiki athu. Mwana wawo Triza anali Folomu 2 kusukulu yogonera komweko, ndipo nyumba yonse inkayang'ana shediyo.

Chaka chino kunabwera mkulu wina wogula soya, ali ndi galimoto zatsopano zingapo. Anamva kuti mapaipi a mnyamata uja amasweka mowotchereramo, ndiye ankafuna dzanja la a Bester. Ntchitoyo ikanakwanira fizi ya Triza chaka chonse. Akazi awo a Bester, a Evelyn, anali pomwepo, atabweretsa mbatata yophika.

"Bambo a Triza," anatero chapansipansi, "mwana uja anagona, sadzauka. Wathuyu ali moyo."

A Bester anazungulira galimoto imodzi, n'kudina bampala ndi chala. Pulasitiki analowa m'kati, n'kubwerera.

"Bwana, mundikhululukire. Kariyala ndingakuikireni, ngakhale masitepe. Kumasoku ayi."

Mkuluyo anakwera galimoto yake n'kuwolokera patsidya. A Evelyn anaika mbale ya mbatata pa desiki yothyoka, n'kubwerera kunyumba.

Teremu yotsatira itatsegulira, Triza sanapite kusukulu.