Ba Bizwell ndi Powolokera pa Dambwa North

Ba Bizwell Zimba anabadwira ku Livingstone. Bambo awo anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya njanji, koma Ba Bizwell analowa kukhonsolo, m'gulu lokonza misewu. Kwa zaka makumi awiri ntchito yawo inali kupenta mizere pamsewu, ndipo ankaikonda. Nsapato zawo zonse zinali ndi madontho oyera, ndi zakutchalitchi zomwe.

Mu 1994 makolo a ku Dambwa North, dera lina la mu Livingstone, anadandaula kuti ana akuvutika kuwoloka msewu popita kusukulu, chifukwa maminibasi ankathamanga kwambiri. Khonsolo inatumiza injiniya, Ba Mukatimui, ndi pepala losonyeza kuti mizere yowolokera ikhale pageti la sukulu. Ba Bizwell anatsitsa zitini za penti, koma sanazitsegule. Anayamba ayang'ana uku ndi uku.

"Ba injiniya, ana sawolokera pano," anatero. "Onani uko kumene udzu unaperepeseka. Ni pamene amadutsa, ndi azimayi akumsika omwe."

"Ndaona, Ba Zimba," anayankha Ba Mukatimui, "koma pamenepo pali pafupi ndi kona. Dalaivala sangaone mwana msanga."

Sanalimbane. Anagwirizana zowerenga anthu. Masiku atatu, m'mawa ndi masana, anakhala pansi pa mtengo wa mango, kulemba kamzere munthu aliyense akawoloka. Pageti panawoloka ochepa chabe, pakanjira kaja mazanamazana. Ba Mukatimui anasintha pulani. Anasankha malo pafupi ndi kanjirako koma motalikirako ndi kona, nawonjezera chikwangwani ndi mahampu awiri oti galimoto zizichepetsa liwiro.

Tsiku lopenta kunatentha zedi, dzuwa la Okutobala. Ba Bizwell anakoka chingwe, nagwada ndi bulashi yawo. Asanamalize, Ba Beauty, mayi wogulitsa tomato, anadutsa ndi dengu pamutu, naponda penti yosauma.

"Mayo ine! Pepani, atate!"

"Palibe kanthu, amayi. Ndinu woyamba kuwolokerapo," anatero akuseka, napentanso.

Madalaivala ananyinyirika ndi mahampuwo kwa mwezi umodzi, kenaka anazolowera. Ana nawo anaphunzira kuyenda pamizere, ena akudumpha yoyera yokhayokha.

Ba Bizwell anapuma pantchito mu 1998, nayamba kulima repu ndi anyezi kuseri kwa nyumba yawo. Mvula ikatha, mizere ikayamba kufufutika, ankakwera njinga kupita kukhonsolo kukakumbutsa anzawo akale. Akabwera kudzapenta, iwo ankawagwirira chingwe.