Swichi Yakuphazi ya Galimoto ya Apongozi

Fungo lija ndinayamba kulimva ndine, magetsi a galimoto asanayambe n'komwe kuvuta. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Kawale mumpanda wa apongozi, ine ndi mwana wanga m'kachipinda kakuseri, bambo ake a mwana atapita ku Joni kukafuna maganyu. Kutsogolo, pansi pa mtengo wa mapeyala, ndi pomwe pankagona galimoto. Inali galimoto yakalekale, yamtundu wa mtambo, magetsi ake ozungulira ngati mbale, mpando wakutsogolo umodzi wautali ngati benchi, giya ili pachiwongolero. Apongozi aamuna anaigula kwa bwana amene ankamuyendetsa adakali mnyamata, ndipo m'mawa uliwonse ankaipukuta iwo eni asanasambe. Achinyamata ankaima pageti kuijambula pafoni, ena kubwera kudzaipempha kuti ikanyamule akwati. Kunja inkawala ndithu. Koma ukangotsegula chitseko cha dalaivala, kenakake kankakumenya m'mphuno, ngati ngalande yakumsika dzuwa likatentha. Ndinanenapo kamodzi kwa apongozi aakazi, iwo anati mphuno ya munthu woyamwitsa imamva ndi zomwe palibe.

Galimotoyo inali ndi vuto lake. Magalimoto akale aja, posintha magetsi kuchoka pa dimu kupita pa fulu sugwira ndi dzanja ayi, pali kaswichi pansi, pambali pa kilachi, kamene umaponda ndi phazi. Ine ndinazidziwa tsiku lina tikuchokera kumaliro ku Chilinde kutayamba kuda. Apongozi aamuna anaponda, kutsogolo kunangoti bii, magetsi onse kuzima, tinatsala pang'ono kugunda mayi wosenza makala. Anapondanso, kupondanso, mpaka anayaka. Kuchokera tsiku limenelo anasiya kuyenda dzuwa likalowa, n'kumati palibe chovuta, munthu wamkulu usiku akafuna chiyani kunja.

Kenako mwana anadwala. Chifuwa, kutentha thupi, kuyamwa pang'ono n'kusiya. Kukiliniki anandipatsa mankhwala, ndiye nesi anamuvula mwana malaya n'kundilozera ndi chala pansi pa nthiti, nati ndiziyang'ana pamenepa, pakayamba kulowa mkati akamapuma ndisadikire kuti kuche, ndithamange naye kuchipatala chachikulu. Kuyambira pamenepo ine maso anali panthiti basi. Kuphika ndikuyang'ana nthiti, kuchapa matewera ndikuyang'ana nthiti, ngakhale kuchimbudzi ndinkapita naye. Inali nthawi yamvula, m'makwalala muli matope okhaokha, ndipo zoti ndikwere njinga yamoto ya kabaza kutada, mwana wobanika ali kumsana, mtima wanga unkakana. Ndinkadalira galimoto ija, galimoto yosaona usiku.

Ine mtengwa sindikanaima pamaso pa apongozi aamuna n'kuwauza zochita. Kwathu sitinaleredwe choncho, ngakhale kukumana nawo pakhomo ndinkapatuka, iwonso akafuna kundiuza kanthu ankadzera mwa akazi awo. Ndiye ndinakagwada kukhitchini kwa apongozi aakazi n'kuwaonetsa mmene mdzukulu wawo akupumira. Sindikudziwa zomwe anakakambirana kuchipinda, koma Loweruka masana kunabwera amakaniko ochokera ku Biwi.

Anali bambo amimba, ovolosi yong'ambika kukhwapa, zida zawo zili m'thumba la mpunga. Ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi apongozi aamuna, kumene apongozi anali mkulu wa mpingo. Atangomva mmene magetsi akuchitira anati limenelo ndi vuto la swichi yakuphazi, tichotse chimphira chopondapochi tione. Apongozi anaima pachitseko cha dalaivala n'kunena kuti ayi, ayambe kaye aona mababu. Amakaniko anamasula kumaso kwa galimoto, anachotsa babu, analiyang'ana kudzuwa, analibwezera. Apongozi anati aone fyuzi. Anaona fyuzi, ili bwino. Anati batire. Anapala mitu ya batire mpaka kuwala. Ine ndili pakhonde, mwana pamiyendo, diso lina panthiti, diso lina pamthunzi wa mtengo wa mapeyala umene unkangotalika kulowera kugeti.

"Abambo," anatero amakaniko akupukuta manja, "mukundizunguza chabe. Wodwala ali pansi pa phazi lanu."

"Pitirizani kumaso konko. Chimphiracho chinamatidwa, mungachiwononge."

Amakaniko analowetsa mutu pawindo n'kuutulutsa msanga. "Muli khoswe umu. Ndipo anafa nthawi ya chipani chimodzi."

Apongozi sanaseke. Anati atsate mawaya a m'boneti.

Ine panali kanthu kamene ndinaona kale. Mazira amene ndinkagula kuti ndiziswera m'phala la mwana ankasowa m'basiketi, lero limodzi, pakapita nthawi lina, ine n'kumanamizira makoswe. Mpaka m'mawa wina ndikuyanika matewera kuseri kwa mtengo uja, ndinaona apongozi atagwada pachitseko cha dalaivala ngati akupemphera, dzira lili m'manja. Podzuka m'manja munalibe kanthu, anangopukutira zala pathalauzi. Sindinauze munthu. Ndikanauza ndani, komanso ndikanati chiyani?

Dzuwa litapendeka, mwana anatsokomola n'kusiya bere. Ndinakweza kamalaya. Pansi pa nthiti panali kulowa, kubwerera, kulowa, ngati pali chala chikukankha, timphuno tikutukuka. Ndinayang'ana kugalimoto, amakaniko ali weramu m'boneti kutsata waya amene iwo eni akudziwa kuti alibe mlandu, apongozi ali chilili pachitseko manja kumbuyo. Mutu wanga unatentha. Ndinamuika mwana m'manja mwa agogo ake aakazi, ndinatsika khonde, ndinayenda molunjika kumene kunali apongozi. Iwo poona mtengwa akubwera anapatuka, monga mwa nthawi zonse, chifukwa thupi lawo linazolowera kupatuka. Ine n'kugwada pachitseko paja.

"Make mwana, chokanipo apo."

Ndinagwira ngodya ya chimphira.

"Muuzeni mpongozi wanuyu achoke," anatero kwa akazi awo.

Apongozi aakazi maso anali pachifuwa cha mwana basi. Ndipo apongozi aamuna sakanandigwira dzanja, mkazi wa mwana wawo, masanasana, pamaso pa munthu wa kutchalitchi. Ndinamva akupuma kumbuyo kwanga basi. Ndinakoka. Chimphira sichinali chomatidwa ndi guluu ayi, chinamatuka pang'onopang'ono chikulira ngati phazi lotuluka m'matope.

Zimene zinali pansi pake sindifuna kuzikumbukira koma zimabwera zokha. Pakona panali kansupa kakuda kokulungidwa nsanza yofiira, mikanda m'khosi. Kuzungulira kansupako makoko a mazira, ena akale ofumbutuka, ena atsopano, mchere wosungunuka, ndi chiphala chachikasu chobiriwira chimene chinayenderera mpaka pansi pa kilachi. Mphutsi zoyera zinkapiringizika m'menemo, mphemvu n'kubalalika kukwera m'mikono yanga. Chitsulo chapansi chinali chitadyeka ndi dzimbiri. Pakati pa zonsezo panali swichi ija, ili tong'o ngati bowa womera pandowe. Fungo linandilowa mpaka m'mano. Ndinakwawira kutayala n'kusanza, ndipo ndikusanza choncho m'mutu munali chinthu chimodzi, chakuti awa ndi mazira a mwana wanga, mazira amene ndinkadzimana ine.

Amakaniko anabwera, anasuzumira atatseka mphuno ndi kolala.

"Akulu a mpingo, ine sindinaone kanthu. Koma mchere ndi waya sizigwirizana."

Apongozi anayamba kulankhula motsitsa, osayang'ana aliyense, kuti kansupako anawapatsa ndi munthu wina wakumudzi atangogula galimoto, anawauza kuti azikadyetsa dzira ndi mchere mwezi ukaoneka, ndipo zaka zonsezi galimoto iyi sinagundepo ngakhale nkhuku. Amakaniko anati chabwino, koma tsopano mlonda wanuyu wadya magetsi. Anapempha petulo pang'ono, madzi otentha ndi nsanza.

Wochotsa zonyansazo mukuganiza anali ndani? Apongozi aakazi anali ndi mwana, amakaniko anati iwo ntchito yawo ndi mawaya, mwini wake anangoima. Ndinatenga fosholo, phulusa ndi kamtengo, ndinapala nditamanga mpango kukamwa, misozi ikutuluka yokha. Kansupa ndinakakankhira pafosholo osakagwira. Nditatsuka, amakaniko anagona chammbali, anamasula timasikulu tiwiri n'kuzula swichi. Kunsi kwake kunali mawaya atatu, polumikizira ponse pali biriwiri ngati ndere, waya wina anangoduka yekha atamukhudza. Anaiviika swichi m'petulo, anaikwecha ndi sandipepa, anadonthezamo oilo n'kumaidina ndi chala mpaka inayamba kulira kuti khe, khe. Kenako anadula mawaya pamene panawola, ndipo posenda ena abwinowo anasendera mano, mawaya omwe aja ochokera m'chiphala, n'kulavula pambali pa phazi langa. Ndinathamangira kukhonde kukaona mwana, ndinasamba m'manja ndi sopo kawiri ndisanamukhudze. Nthiti zinali kulowabe, milomo itauma.

Atamanga zonse anandiuza kuti ndiime kutsogolo ndizinena zimene ndikuona. Kunja kunali kutayamba kuchita chizirezire, mitambo yamvula itasonkhana. Apongozi analiza injini, anayatsa magetsi. Kuwala kunagwa pakhoma lampanda, m'munsi. Anaponda, kunakwera mpaka pamabotolo osweka apamwamba pa khoma. Anaponda, kunatsika. Anaponda kambirimbiri, mwamphamvu, mopepuka, ndi chidendene, sikunazime. Ine mawu ankangotuluka okha, dimu, fulu, dimu, fulu, ngati mwana wasukulu.

Ndinatola fosholo ija kuti ndikataye kansupa kaja kuchimbudzi tizipita. Apongozi anazimitsa injini, anazula kiyi n'kuika m'thumba.

"Kakalowa m'chimbudzi kameneko, galimoto situluka pageti."

Kanali koyamba kundilankhula atandiyang'ana kumaso chilowereni pakhomo pawo. Ndipo sanali kuopseza, anali munthu wamkulu akuopa kuyendetsa mdzukulu wake wopanda kansupa. Amakaniko anati ayendetse ndi iwo, apongozi anati chiwongolero chimenechi sichinagwiridwepo ndi munthu wina. Apongozi aakazi anati bambo, mwanayu. Amuna awo anangoti kansupa kabwerere m'malo mwake. Amakaniko anati kakabwerera pamenepo musadzandiitanenso.

Ine ndinalibe nthawi yomvera zimenezo. Ndinathamangira kuchipinda. Chinthu chokhacho chokhala ndi chivindikiro chothina chinali chitini chimene ndinkasungiramo ufa wa phala la mwana. Ndinakhuthulira ufa m'mbale, ndinavala jumbo kudzanja, ndinakagwira kansupa kaja. Kanali kofewa, kotentha, nsanza ikuterera. Ndinakaponya m'chitini n'kutseka, kumenya chivindikiro ndi chibakera. Ndinagwada n'kupereka chitini ndi manja awiri, monga mmene amaperekera madzi akumwa. Apongozi anachiyang'ana, anati chikakhala chokha chigubuduka, kansupa kangasweke, ndichipanire ndi mapazi. Anatulutsa kiyi.

Tinatuluka pageti mvula ikuyamba kuwaza. Ine kumbuyo, mwana pachifuwa, apongozi aakazi pambali panga akupemphera chamumtima milomo yokha ikugwedezeka, chitini pakati pa akakolo anga. Tikagwa m'dzenje, kanthu kankagunda mkati mwake, ndinkakamva m'mafupa. Mawindo ndinatsegula pang'ono ngakhale kunkalowa madzi. Tikakumana ndi minibasi apongozi ankaponda, khe, ine mpweya n'kuugwira, magetsi n'kutsika. Ikadutsa, khe, n'kukwera, anthu oyenda m'mphepete n'kuoneka ndi maambulera awo, wanjinga wonyamula nkhuni, galu. Pamlatho anapondanso. Sanazime. Dzanja langa linali pansi pa nthiti za mwana njira yonse.

Kuchipatala anangomuona n'kumutenga, anati ndi chibayo, anamuika timapaipi tampweya m'mphuno, jakisoni pakadzanja. Nesi wina anandifunsa ngati ndagwa m'ngalande pobwera, anandilozera pampopi. Ndinasamba mpaka khungu kuwawa, fungo osachoka. Tinagona kumeneko masiku angapo, mpaka tsiku lina m'mawa ndinakweza kamalaya ndipo pansi pa nthiti panali phee, kamimba kokha kakukwera ndi kutsika, iye akufunafuna bere.

Apongozi aamuna anabwera kudzatitenga ndi galimoto yomweyo. Chitini chinali chitamangidwa ndi mphira wanjinga kuseri kwa mpando, ndipo chilipobe mpaka lero. Nkhani ija sitinaikambenso pakhomo, amakaniko akakumana nane kumsika amangondifunsa za mwana. Apongozi mazira awo amagula okha paokala, anga ndimasunga m'sutukesi. Mwana pano akuthamanga, ndipo malo amene amakonda ndi m'galimoto, kuimirira pampando n'kumapotoza chiwongolero agogo ake akuseka. Ndikamupeza m'menemo ndimamutulutsa n'kumusambitsa. Dzira amalikonda, ndimamuswera m'phala m'mawa uliwonse, nkhope nditayang'ana kumbali.