Chipinda cha Telala Chinali ku Mozambiki

Mboni zanga ndi zitatu: bambo wogulitsa palafini pa Biriwiri, mlamu wanga yemwe sananamepo kupatula pa zaka zake, ndi mayi wina wa mvano amene anamwalira, koma akanakhalapo akanavomera zonse.

Ndinali ndi kanyumba kamalata m'mbali mwa msewu, kumene malire a Malawi ndi Mozambiki alibe mpanda. Telala wina analowamo pa lendi ya makwacha anayi pamwezi. Mwezi woyamba analipira. Miyezi isanu ndi umodzi yotsatira ankandipatsa moni basi, moni wabwino kwabasi. Chonsecho feteleza wa kachewere wanga ankadikira ndalama imeneyo, mvula ili pafupi.

Ndinakamusumira kukhothi la mafumu. Telalayo anaimirira m'jekete losoka yekha.

"Olemekezeka, khonde ndi la Malawi, sindikana. Koma chipinda chimene ndimagona chili ku Mozambiki. Lendi timalipirira pogona."

Akuluakulu anagwedeza mitu. Anati mlandu wa maiko awiri wawakulira, upite kwa majisitireti kuboma. Kuboma kalaliki anayamba waona khadi langa la chipani, kutsogolo ndi kumbuyo, kenako anati nyumbayo ili pamalo a mfumu, ndibwerere kumene ndachokera. Ndinayenda maulendo asanu ndi atatu. Njinga yanga inaloweza njira. Tsiku lina ine ndikudwala malungo inapita yokha, nayonso anaibweza. Ndikulumbira.

Ndinaganiza zoyeza ndekha malirewo. Telala anandibwereka tepi yake, n'kunena kuti, "Musamale nayo bambo, yachokera kunja."

Ndiye masana ena, iye ali kumpira, akuba anamunyamulira makina osokera. Anathamangira kupolisi. Wapolisi wake nkhani yathu ankaidziwa, monga aliyense kuyambira Mlangeni mpaka Bwanje.

"Makinawo anali pati?" anafunsa wapolisiyo.

"Kuchipinda, bwana."

"Pepani achimwene. Ife za dziko la eni sitilowerera."

M'mawa mwake telala anafika pakhomo panga, chipewa chili m'manja.

"Bambo, tiyeni mukawauze kuti nyumba ija ndi ya Malawi."

"Khonde?"

"Yonse."

"Ndi pogona pomwe?"

"Mpaka chimbudzi, bambo."

Ndinamuuza kuti mutu wanga masiku ano ukuiwalaiwala, mwina n'chifukwa choyenda padzuwa ndi milandu. Telala anapisa dzanja m'jekete muja, n'kuyala pamphasa makwacha makumi awiri ndi anayi.